Zala za Amayi

Achimwene,

Kuno tadzuka, kaya inu kutaliko. Kuntchito kwa amayi, kochapa zovala kuja, anaika makina oti aliyense azidinda chala polowa. Akuti lamuloli silisankha munthu. Koma zala za amayi zinaperepeseka ndi sopo, makinawo sakuwazindikira, ndiye abwana akuti amajomba. Amayi, kujomba? Anzawo atatu chimodzimodzi, achikulire okhaokha.

Loya wa bungwe la antchito wati, "Khoti silingoona kuti lamulo ndi la onse, limaonanso amene likuwapweteka." Tikakumana naye Lachinayi.

Amayi akudzukabe m'mamawa, kuvala yunifolomu n'kutuluka. Koma dzulo masana, nthawi ya ntchito, ndinawaona atakhala pokwerera basi, akuyang'ana m'manja mwawo. Sindinawafunse. Mukaimba foni, inunso musawafunse.

Ndine mng'ono wanu wokusowani.