Alamu Akungothira Gasi, Alendo Akusamba Madzi Ozizira

Aphungu,

Ndikulemba ndili chiimire, chifukwa masiku ano mtima sukundilola kukhala pansi. Ndine mayi wa ku Ntcheu, ndimayang'anira nyumba yogona alendo ya mpingo wina kuno ku Kilimani, mumzinda wa Nairobi. Madzi osamba timatenthetsa ndi makina a hiti pampu amene ali padenga. Chiyambireni chisanu cha Julayi, makinawa akungolira osatenthetsa. Paipi yoyandikana ndi kavalavu kena, kamene amisiri amati ekisipanshoni valavu, imachita ayezi kuti mbuu.

Amene amakonza makinawa ndi alamu anga a Fumbani, akulu awo a amuna anga. Amakonza mafiriji ku Utawala, dera lina la mzinda uno, ndipo ndiwo anatiitana ku Nairobi kuno n'kundipezera ntchitoyi. Akabwera amagogoda valavu ija ndi sipanala, kenako n'kuthira gasi. "Mlamu, gasi wathawa basi, musadandaule," amatero. Tsikulo madzi amatentha, mawa lake tabwerera pomwe paja.

Ine ndinatulukira kanzeru kanga. M'mawa ndimakwera ndi ketulo ya madzi ofunda n'kuthira pavalavupo. Makina amadzuka, alendo olawirira amasamba bwino, otsalawo amatuluka m'bafa mano akugundana. Ndimakwera, kutsika, kukweranso, mpaka mawondo akulira. Mlendo wina wa ku Kisumu anandiimitsa pakhonde atadzikulunga thaulo, n'kundifunsa m'Chiswahili za madzi otentha, "Mama, maji moto iko wapi?" Ndinangoseka ngati chitsiru.

Sabata yamawa kukubwera abusa kudzachita msonkhano, nyumba idzadzaza. Abwana anga, mayi Lorna, andiuza mosapsatira kuti, "Amenewa akasamba ozizira, tipeza wina wosamala nyumba ino." Kunyumba nditatchula zoitana mmisiri wina, amuna anga anandidula pakamwa: "Ukufuna achimwene amve kuti tawanyoza? Kutchalitchi tidzawayang'ana bwanji?" Ndikuopa, Aphungu. Nditaye ntchito kapena ndikhumudwitse alamu?

U.K., Kilimani, Nairobi

Mayi U.K.,

Choyamba, bwezani ketuloyo kukhitchini. Padengapo pali nthambo zamagetsi, ndipo sindikufuna kudzamva kuti magetsi akugwirani chifukwa chofuna kusambitsa abusa.

Komatu ketulo yanuyo yaulula matenda. Valavu imeneyi ili ndi kabowo kakang'ono zedi kamene gasi amadutsapo. Chinyezi chikalowa m'mapaipi chimakaundana pakabowopo n'kutseka njira. Mukathira madzi ofunda chimasungunuka, makina n'kudzuka, posakhalitsa chaundananso. Pa geji ya mmisiri yoyezera gasi, valavu yotsekeka imaoneka ngati gasi wachepa, ndiye mpamene alamu anu akusochera. Sindikunena kuti ndi mbuli, koma sanafufuze. Ndipo ngati amathira gasi osayamba achotsa mpweya m'mapaipi awo, ulendo uliwonse akuonjezera chinyezi chomwecho.

Pafunika mmisiri wozolowera hiti pampu. Funsani amene anadzaika makinawo, amawadziwa. Ayambe ndi zophweka: atsuke fumbi pamene makina amakokera mpweya, aonenso kachubu komva kutentha kamene kamalamula valavu, ngati kali komangika bwino papaipi ndipo sikanathyoke. Akatero achotse gasi yense, asinthe kasefa kogwira chinyezi, apope mpweya mpaka mapaipi aume, ndipo gasi watsopano amuyeze pasikelo monga mwalembedwera pamakinapo, osati mongoganizira. Ayezi akabweranso, valavu yatha, isinthidwe. Zogogoda ndi sipanala zithe lero, imeneyo si nati yadzimbiri.

Tsono nkhani ya pabanja. Makinawa ndi a mpingo, si a banja lanu. Lero lomwe fotokozerani mayi Lorna zonse, za ketulo zomwe, muwapemphe kuti aitane okha mmisiriyo. Kenako kwerani matatu, minibasi za ku Nairobi zija, ndi amuna anu, mukawauze a Fumbani pamaso, asanamve kwa anthu akutchalitchi. Athokozeni, muwapemphe adzakhalepo tsiku lokonzalo. Mwina atupa pang'ono, aphwa. Amuna anuwo muwafunse funso limodzi: achimwene awo adzalemekezeka bwanji anthu akadzamva kuti mlamu amene anam'pezera ntchito wachotsedwa chifukwa cha gasi wawo?

Koma samalani, mayi. Musalole kuthira gasi "komaliza" kuti mungodutsa msonkhanowu. Gasi akachuluka valavu ili yotseka, imene imapsa ndi kompresa, mtima wa makinawo, ndipo imeneyo siipezeka msanga. Ikapsa, abwana anu sadzafunsa kuti anathira gasi ndani. Adzafunsa kuti anam'tsegulira chitseko chakudenga ndani, ndipo makiyi mumasunga ndinu.

Aphungu