Akuti matenda a Esinati adachokera kwa inu

Amayi, kodi kumeneko mukupeza bwanji?

Kuno chimanga chachita bwino kumunda wa kumtunda, koma fodya adapsa ndi dzuwa. Mkazi wanga adabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chiyambire zipani zambirizi aliyense akulankhula momasuka, mwina mopitirira.

Nkhani imene yandisowetsa tulo ndi ya mwana wanu Esinati. Kapamba uja adatupa mudakali moyo sanali malungo. Ku Lilongwe apeza kuti ndi khansa ya m'magazi, yoyenda pang'onopang'ono. Adokotala akuti mwa odwala ambiri otere, makromozomu awiri, timizere tonyamula malangizo a thupi, amaduka nsonga n'kusinthana zidutswa m'mafuta a m'mafupa. Zimachitika munthu atabadwa kale. Sadatengere kwa inu, ndipo sangapatsire ana ake. Ndidafunsa mpaka adokotala adatopa nane. Mapiritsi akumwa, ndipo wayambanso kupita kudimba.

Koma akuchimuna a ku Kasakula aimitsa chinkhoswe cha mdzukulu wanu Tiyamike, mwana wa Esinati. Akuti kwathu kuli magazi oipa, ochokera kwa inu. Ndidapitako monga malume ake, nditanyamula zisononkho ziwiri. Ndidazithyola nsonga, n'kuzisinthanitsa pamaso pawo. Mnyamata wofunsirayo, Gibisoni, ndidamuphunzitsa ndekha sayansi ku sekondale. Adagwada mwaulemu, n'kunena kuti, “Aphunzitsi, paja mudatiuza kuti makromozomu timalandira kwa makolo. Ndidakhoza nazo mayeso.”

Amayi, ndidawauzadi zimenezo m'kalasi. Ndidayesa kufotokoza kuti chimene timalandira ndi china, chimene chimawonongeka pambuyo pake ndi china. Amalume a Gibisoni adangoti, “Ndiye timve ziti, achimwene, za m'kalasi kapena za pakhonde pano?” Anthu adaseka. Munkandiuza kuti, “Iwe Laitoni, ukafotokoza kwambiri anthu amayesa ukubisa kanthu.” Ndidabwerera, njira yonse ya ku Ntchisi ndikukangana nanu mumtima.

Esinati wamva. Dzulo adati bola akadangofa osapimidwa, mwana akadakwatiwa. Ine ndi amene ndidamukakamiza kupita kuchipatala, ndipo ndingamukakamizenso.

Loweruka ndibwereranso ku Kasakula, popanda zisononkho. Ndikamuitanira Gibisoni pambali, ndimufunse ngati akumufuna Tiyamike kapena ayi. Akakana, akane yekha ndi pakamwa pake. Ndikulonjeza kuti sindidzalola kuti akubisalireni kumbuyo inu amene simungadziyankhire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Laitoni