Silinda Yapita ku Cannington

Joondalup, Perth
20 Julaye 2021

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ku Dedzako. Ife tilipo, koma kuzizira. Asakunamizeni kuti kuno n'kotentha chaka chonse. Julaye wa kuno sasiyana ndi wa kwanuko, ndipo m'nyumba za lendi zino mphepo imangolowa ngati m'khola.

Gasi wa hita yotenthetsera m'nyumba wakweranso mtengo, moti ndikapita kukasinthitsa silinda ndimabwerako m'thumba muli mbee. Ogulitsawo amangoti ndi korona, ngati kuti gasiyo nayenso akutsokomola. Ndiye hita timayatsa ola limodzi basi, Lusayo akamasamba. Mwanayu akugona ndi majuzi awiri, n'kumandidandaulira m'Chingerezi.

Bambo ake anafika Lachisanu kuchokera ku mgodi, atakhalako masabata awiri. N'kuti nditangogula silinda yodzaza. Loweruka m'mawa ndinawapeza akuikweza m'galimoto, ati akukamubwereka mnzawo wa ku Cannington amene akudwala chifuwa. Nditafunsa dzina la mnzawoyo, anayamba kufunafuna makiyi, makiyiwo ali m'manja. Anabwerako Lolemba, opanda silinda, opanda juzi munawalukira lija, koma osanjenjemera ngakhale pang'ono.

Ine sindikunena kanthu, Azakhali. Malire ndi otseka, ndege kulibe, ankhoswe nonse muli kutali. Amayi musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Mungondifunsirako kwa amalume ngati kwathuko zinamvekapo kuti mwamuna apale moto wonse m'nyumba mwake n'kukausonkha kwina, mwana wake ali gwagwagwa ndi chisanu.

Ndatha ine mwana wanu,
Eneless