Chitsulo cha Amayi Chili Kumanda

Alexandria,
3 Malichi.

Okondedwa achimwene Ramzi,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene muli pakati pa ntchito yodula nzimbe kumudzi kwathu ku Qena. Pakadakhala wina womuuza, sindikadakusokonezani. Kaya muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Ine ndili bwino, Mulungu atamandike, ndipo ntchito ku fakitale yosoka malaya ikuyenda.

Amayi ndiwo sali bwino. Chichitireni opaleshoni yachiwiri ija, yochotsa chitsulo chimene anawaika m'chiuno, akuyendera ndodo ziwiri. Amaswali atakhala pampando, ndipo khutu lakumanzere silikumvanso. Dzulo anandiuza kuti chimene akuchilakalaka kwambiri ndi kugunditsanso chipumi pansi popemphera.

Mwezi watha ndinakumana ndi loya, dzina lawo mayi Tahani. Akuimira anthu makumi anayi amene anaikidwa zitsulo za kampani yomweyo. Akuti zitsulozo zimapekesana n'kumataya fumbi lapoizoni m'magazi, ndipo eni ake ankadziwa. Achimwene, ankadziwa. Kumbukirani zaka ziwiri zimene amayi ankabuula ndi ululu, dokotala wawo uja n'kumawaseka kuti Hajja, mayi wamkulu inu, kodi mukufuna kukavina paukwati, umenewu ndi ukalamba basi. Ine ndinali pomwepo. Ndinangoyang'ana nsapato zake. Mpaka lero ndimadzida nazo.

Sabata yatha kunabwera mwamuna wakukampaniko, atanyamula bokosi la maswiti a basbusa ndi pepala loti amayi adinde chala kuti sadzadandaula. Ankandiitana kuti kamwana kanga, ati usavutike ndi kuwerenga, mawu ake ndi aakulu kuposa iwe. Pepalalo ndinapita nalo kwa loya. Maswitiwo ndinataya m'bini iye akuona.

Vuto ndi ili. Achipatala akuti faelo ya amayi inasowa. Loya akuti popanda nambala yodindidwa pachitsulo chimene anachotsacho, dzina la amayi sililowa pamlandu. Nditawauza kuti munachikulunga m'nsalu yoyera n'kukachikwirira pafupi ndi manda a bambo, chifukwa chinali ndi tizidutswa ta fupa la amayi, anagwira kumutu n'kunena kuti anthu a ku Qena inu mudzandipha ine, umboni mwauchitira maliro. Sindikukudzudzulani ayi. Munachita mwaulemu monga tinaphunzitsidwira.

Pempho langa ndi limodzi lokha: mukachifukule. Ndikudziwa kuti amalume Abdel-Radi adzati zimenezi n'zochititsa manyazi banja. Ndinafunsa Shehe wa mzikiti wathu kudzera mwa akazi awo, poti ndekha ndinachita manyazi. Akuti fupa ndi la amayi, ndiye tizidutswa timene tagwera m'nsalu mutikwirirenso, koma chitsulo ndi cha anthu amene anachipanga, chibwerere kwa eni ake.

Chonde musachitsuke, ndipo muwauze alamu asachikweche ndi mandimu ngati mapoto awo. Nambalayo muikope papepala mmene ikuonekera, muiwerenge kawiri, pepalalo musunge inuyo. Chitsulocho muchiike m'chitini chotseka bwino, mum'patse msuweni wathu Medhat pobwera pasitima. Amati mlandu suola, koma uwu uli ndi tsiku lake: mayina atsekedwa pa 28 mwezi uno.

Chipepeso chawo sindikuchifuna. Ndikufuna ndidzachiike ndi dzanja langa patebulo la woweruza, dothi lakumanda lidakali pomwepo, dokotala uja ndi mabwana akampani akuyang'ana. Ndikufuna ziphaso zawo zilandidwe, mayina awo atuluke m'nyuzipepala, ana awo awerenge okha. Mulungu andikhululukire, koma ndimapemphanso kuti tsiku lina adzakwere masitepe chokwawa monga amayi amakwerera kuno.

Ngati mtima wanu sukulola kukhudza manda, mungondiuza, sindikwiya. Ndikwera sitima ndidzafukule ndekha masana, ngakhale mudzi wonse uimirire kundinena.

Mupereke moni kwa alamu anga, azakhali Nabawiya, amalume ndi ana onse. Amayi akuti akukudalitsani. Za kufukulazi sindinawauze, ndikudikira mawu anu. Chonde mundiyankhe msanga, masiku atsala pang'ono.

Ndine mlongo wanu,
Sabreen.