Timaginito Timene Sindinatsuke

Lolemba, 3 Juni
Kuzizira. Takisi ya ku Tembisa yachedwa, ku labotale ku Kempton Park ndafika mochedwa. Miyezi isanu lero chimwalirire mkazi wanga Sabina. Ndatsuka mabotolo makumi atatu, ndi timaginito tovundulira mankhwala. Ndayambanso kutiviika mu asidi monga mwa lamulo. Kuyambira Januwale ndinkangotitsukuluza ndi madzi. Manja ankagwira, mutu kunalibe. Palibe anaona.

Lachinayi, 6 Juni
A Safia, a ku Mangochi, amene akuphunzira digiri yapamwamba, akhala okhumudwa tsiku lonse. Kafukufuku wawo: kulumikiza mankhwala awiri popanda paladiyamu, chitsulo chodula chimene ena onse amathiramo. Mu Febuluwale zinatheka. Anavina pakhonde, anandigulira nyama ya nkhuku. Sabata ino zakanika.

Lachiwiri, 11 Juni
A Safia ayesa kasanu ndi kawiri. Palibe. A Hamilton, mkulu wa labotale, ati zikapanda kubwerezeka, zimene a Safia analemba za kafukufukuyu azibweza. Zikatero a Safia apita kwawo opanda digiri. A Safiawo anandifunsa pa sinki, "Malume, kapena ndinalota?" Ndinangopukuta manja.

Lachitatu, 19 Juni
Kuseri kwa sinki ndatola kamaginito ka miyezi ija yongotsukuluza ndi madzi. M'timing'alu take muli mwakuda. Timaginito tomweti amagwiritsanso a Nasiru, amene amathira paladiyamu tsiku lililonse. Fomu 2 yanga yakwanira kumvetsa. Chitsulo chinalimo ndithu m'mankhwala a Safia aja. Sanachithire iwo. Ndinachisiyamo ine.

Ndakaika m'thumba. M'chipinda muli zii. Sabina akanati, "Kaneneni." Koma zaka 56, mu Joni muno, angandilembenso ndani?

Lachisanu, 21 Juni
M'mawa ndinaima pa kabati ya timaginito ya a Safia, kamaginito kali m'manja. Ndikanakaponyamo mwakachetechete, zikanathekanso, akanaseka. Kenako dzina lawo likanatuluka pamwamba pa bodza langa.

Ndakaika patebulo pawo. Ndanena zonse, ndi za Januwale zomwe. Sanakalipe. Anakayang'ana, kenako anati, "Ndiye kuti chaka chonsechi palibe chimene ndapeza."

A Hamilton akufuna kundiona Lolemba. Ndisanaweruke ndaviika zonse, ndatsukuluza kawiri. Amene adzalowe m'malo mwanga azipeze zoyera.