Manda Anu Ena, Kuseri kwa Dzalanyama

Amayi anga, kodi kukucha bwanji kumene muliko?

Ndine Dominiko. Ndikulemba ndili pakhonde panu kuno ku Namitete, pampando uja wofupika mwendo umene munkakana kuti tiutaye. Ndiyamba ndi za pakhomo, chifukwa munkadana ndi munthu wothamangira nkhani yaikulu asanafotokoze za ana ndi ziweto.

Mdzukulu wanu Mariya, mwana wa mlongo wanga Agnesi, anachira bwinobwino kuchipatala cha mishoni. Wabadwayo ndi mwana wamkazi, wamakutu ngati anu. Mtedza wa kumunda wa kumtunda unabereka, koma soya anatinyowera ali pamulu, moti wina tinangopatsa nkhumba. Mbuzi yanu yamawanga inalowa m'dimba la a katekisiti. Agnesi anapita kukapepesa, ndipo anabwerako atasenza mpiru wochuluka kuposa umene mbuziyo inadya. Amayi a mphakati akuimbabe, kungoti nyimbo ija munkayambitsa inu amaiyamba pamwamba kwambiri, ikafika pakati n'kumayang'anana.

Chiliza chanu chatsala pang'ono kutha, ndipo bambo mfumu adzachidalitsa kumapeto kwa mwezi uno. Pa chiliza pomwepo ndi pamene ine ndi Agnesi tinasiyana maganizo. Iye ankafuna kuti pansi pa dzina lanu tilembe la mlongo wanu, atsibweni a Zuze, ndi kuti tiwametere monga timachitira ndi womwalira aliyense. Anandiuza kuti, "Achimwene, munthu anasowa ife tisanabadwe, inu mukuti akadali moyo kuti? Tilembe dzinalo, timete, mitima ikhale pansi." Ine ndinakana. Sindinakane chifukwa choganiza kuti ali moyo. Ndinakana chifukwa cha mawu amene munatiuza kangapo konse, ngakhale muli pamphasa ya matenda: "Mlongo wanga musadzamumetere, musadzamulembe pamwala, kufikira wina wa m'mimba mwanga akaimirire pa manda ake." Lamulo limeneli linali ndi khomo lake lotulukira, ndipo ndinaona kuti kuliswa ndisanayese khomolo kukadakhala ulesi.

Ndibwereze mbiri yanu monga munkaifotokozera tikamaswa mtedza, kuti muone ngati ndinaisunga molondola. Munabadwira kwa Chinkhande, ku Mozambique, m'chigawo cha Tete, pakati pa Achewa anzathu amene malire anawasiya mbali inayo. Dzina lanu laubwana linali Ndaziona. Makolo atamwalira, munaleredwa ndi mlongo wanuyo. Nkhondo yochotsa ulamuliro wa Apwitikizi inayambira kutali, kumpoto kwa dzikolo, koma patapita zaka inatsikira kwanu. Omenyera ufulu ankakhala m'tchire, ndipo ankadya za anthu a m'midzi. Asilikali a boma lachitsamunda anaona kuti adani awo sangawagonjetse ndi mfuti zokha, choncho anaganiza zowamana chakudya: ankatentha midzi, n'kusonkhanitsa anthu m'misasa yozingidwa ndi waya, kumene munthu ankapita kumunda moperekezedwa ndi mlonda. Atsibweni panthawiyo anali atayamba kale kusenzera omenyera ufuluwo ufa ndi zipolopolo. Atamva kuti mudzi wanu ndi wotsatira, anakutengani mpaka patsinde pa mapiri, n'kukusiyani m'manja mwa amayi ena amene ankathawira kuno. Anati, "Pita, nkhondo ikatha ndidzakutenga." Muli m'njira, ndege inakupezani. Inu munathawira m'bango, ndipo mutatulukamo simunaonenso mnzanu aliyense. Munadutsa Dzalanyama nokha. Masisitere ndi amene anakutolani, n'kukubatizani dzina la Lusiya, limene ife tinakudziwirani.

Nkhondoyo sinathere m'tchire ayi. Asilikali a Chipwitikizi anatopa nayo, anagwetsa boma la kwawo, ndipo mbali ziwirizo zinakakhala patebulo ku Lusaka. Mgwirizano umene anasayina ndinauwerenga ndili ku yunivesite, ndipo ndauwerenganso chaka chino. Ukunena za kuleka kuwomberana, za boma logwirizira, ndi za tsiku lopereka ufulu. Sindiwaimba mlandu olembawo, pakuti kutontholetsa mfuti si ntchito yaing'ono. Ndikungonena kuti mulibe mzere wouza mtsikana wa ku Namitete kumene angakafunse za mlongo wake. Inu munamva pa wailesi ya masisitere kuti nkhondo yatha. Munachapa nsalu yanu yabwino, n'kumakaima kumsewu wa ku Mchinji kuyang'ana otsika basi. Sanabwere. Nkhondo yachiwiri ija itabuka, ya eni dziko okhaokha, othawa anadzaza m'malire muno, ndipo ndikukumbuka mukundigwira dzanja pamsika, kufunsa mlendo aliyense wolankhula mokoka mawu kuti, "Pepani, kodi kwa Chinkhande mukudziwako?" Onse ankapukusa mutu.

Funso limenelo ndalilingalira kwambiri chimwalirireni inu. Silinali lolakwika, koma linkafunsa za mudzi umene unapsa. Ndinali nditawerenga kuti misasa ina ya waya sinabalalike nkhondo itatha. Anthu anali atakumbako zitsime ndi kuikako akufa awo, motero anangozula waya n'kukhazikika pomwepo, ndipo maina a midzi yakale anatsala m'kamwa mwa okalamba okha. Choncho nditatenga tchuti kuntchito, ndinawoloka malire ku Dedza ndi funso lina: anthu a kwa Chinkhande anakawatsekera kuti? Ndinayenda pa njinga yamoto, kufunsa m'matchalitchi ndi m'misika, mpaka mkulu wina anandilozera malo amene mpaka lero amangoti Pawaya.

Ndinafikako Lamulungu. Mapemphero atatha, pa nthawi ya zolengeza, anandilola kuimirira. Ndinanena kuti ndine mwana wa Ndaziona wa kwa Chinkhande, mlongo wake wa Zuze. Mayi wina wokalamba, wovala duku loyera, anayankha ali chikhalire: "Bambo, musanamizire akufa m'nyumba ya Mulungu. Ndaziona anafa ali mtsikana. Manda ake alipo, tiyeni ndikakuonetseni."

Amayi, ndinawaona manda anu. Ali pansi pa mtengo wa msuku, osesedwa bwino, ndi mtanda wachitsulo wolembedwa dzina lanu laubwana. Mayiyo, amene dzina lawo ndi a Lozaliya, ndi mkazi wamasiye wa atsibweni. Anandifotokozera kuti mmodzi mwa amayi amene munali nawo paulendo anapulumuka, n'kubwerera kukanena kuti ndege sinasiye munthu. Atsibweni anamva uthengawo ali m'tchire, atapatsidwa kale mfuti. Anamenya nkhondo mpaka kumapeto, ndipo atabwerako, asanamange n'komwe nyumba, anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'mphasa pamodzi ndi kansalu kanu kamene kanatsala, n'kuliika m'manda monga amachitira munthu akafera kosadziwika. Anameta. Chaka chilichonse, mwezi wokumbukira akufa ukafika, ankabwera ndi khasu kudzalambula.

Ndinafunsa ngati sanaganizepo zodzafufuza kuno. A Lozaliya anati, "Akafufuze ndani, poti anamuika ndi manja ake? Komanso masiku amenewo munthu amene anagwirapo mfuti sankawoloka mwachisawawa. Boma la kwanuko linkadyera limodzi ndi Apwitikizi." Mawuwo ndi okhadzula, koma sali kutali ndi zimene mabuku amanena: dziko lathu lilibe doko, katundu wake ankadzera njanji ya kumeneko, ndipo atsogoleri athu ankayenda mosamala pakati pa mbali ziwirizo. Zifukwa za boma ndikuzimvetsa. Chimene chikundilemera n'chakuti inu munali kuno kukana kulira munthu wamoyo, iwo ali uko kulira munthu wamoyo, pakati panu pali mapiri okha amene timawaona tikaima kuseri kwa khola.

Pafupi ndi manda anuwo pali manda ena, aatali, a simenti. Anati ndi a atsibweni, ndipo anamwalira zaka zochepa inu musanatisiye, atadwala chifuwa. Apa ndiye pamene ndinaima nthawi yaitali. Mwa mawu anu, ntchito yanga inali itatha: wa m'mimba mwanu anali ataimirira pa manda. Koma ndinali nditangoona kumene manda olembedwa dzina lanu, inu nditakuikani ndekha ku Namitete. Ngati manda amodzi angasunge nthochi, enawo ndingawakhulupirire bwanji? Ndiponso a Zuze m'dera limenelo ndi ambiri. Ndinaona kuti chimene munkafuna si chakuti mapazi anga aponde dothi, koma kuti tisamuike mlongo wanu ndi mphekesera, monga iwo anakuikirani inu.

Choncho ndinapepesa kaye, n'kufunsa kuti, "Amayi, mundikhululukire. Umu muli munthu, kapena namonso ndi nthochi?" Ndinkaopa kuti akwiya, koma anaseka mpaka kugwira mtanda. "Iwe ndiwedi wa mtundu umenewu, eti? Nayenso sankagula nkhuku asanaitembenuze. Ndinamutseka maso ndine, adzukulu a pamaliro amene anamusambitsa ndi awo akhala apowo, kafunse." Ndinakawafunsadi, aliyense payekha, ndipo mawu awo anagwirizana. Kenaka ndinafunsa funso lomaliza, mosamala kuti ndisawapatse yankho m'kamwa: kodi malemuwo anali ndi chizindikiro chilichonse pathupi? A Lozaliya sanachedwe. "Kaphazi kamanzere kanalibe chala chaching'ono. Ankati, Apwitikizi anandiwombera zaka zonse zija osandikanda n'komwe, amene anandipweteka ndi mlongo wanga yekha, ndi khasu, tikukumba mbewa."

Amayi, nkhani ya chala imeneyo munandiuza kamodzi kokha, ndili mwana, tsiku limene ndinasiya khasu chagada pabwalo. Sindinaiuzepo munthu, ngakhale Agnesi. Pamenepo ndinakhala pansi pakati pa manda awiriwo.

Atsibweni anasiya ana. Woyamba ndi wamkazi, ndipo anamutcha Ndaziona. Ndi mayi wamkulu tsopano, wa zidzukulu, wolima nyemba. Atamva kuti ndine msuweni wake anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti, "Amuna anga, mwachedwatu, onani ndakalamba. Ndiye mwabwera chimanjamanja, ngakhale kansalu?" Ndinayankha kuti mkazi wanga ali ku Lilongwe ndipo sakonda mpikisano. Anati, "Mukamuuze kuti wamkulu ndine." Akamaseka amaphimba pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, monga inu. Zimenezi sindikuziwerengera ngati umboni, popeza munthu wofuna kuona kufanana amakuona. Ndangokuuzani.

Ndisananyamuke, a Lozaliya anandifunsa chochita ndi manda a nthochi aja, poti akulu ena ankati afafanizidwe. Ndinapempha kuti awasiye. Inu mulibemo, n'zoona, koma muli zaka zonse zimene mlongo wanu anagwada pamenepo ndi khasu, ndipo sindikuona kuti ine ndili ndi ufulu wozisalaza. Anavomera. Anandipatsa dothi lodzaza dzanja la pa manda a atsibweni, ndinalimanga m'mpango, ndipo lili m'kabati yanu pafupi ndi kolona.

Tsopano ndikubwera kwa inu ngati munthu wopereka lipoti kwa amene anamutuma. Munati wina wa m'mimba mwanu akaimirire pa manda: ndaimirira. Mandawo ndawafunsa mafunso amene inu mukadafunsa, ndipo ayankha. Pa chifukwa chimenechi ndamuuza Agnesi kuti mmisiri alembe dzina la Zuze pansi pa lanu, ndipo pamwamba alembe maina anu onse awiri, Lusiya ndi Ndaziona, kuti wochokera kuseri kwa phiri asadzasochere. Agnesi sananene kuti, "Achimwene, paja ndinakuuzani." Anangolowa m'nyumba, n'kutuluka ndi lezala limene anagula kalekale. Mawa m'mawa, pansi pa mango paja, tiwametera atsibweni, ndipo woyamba kukhala pampando ndine.

Mwina zonsezi mukuzidziwa kale, mwina munakumana pofika pomwe, ndipo kalata yanga yachedwa monga anachedwera mwini wake. Ngati ndi choncho, ingoilandirani. Ndikulonjeza kuti tsiku lodalitsa chiliza ndidzakamutenga msuweni wanga kuti adzathire dothilo ndi dzanja lake, ndiponso kuti mwezi wa akufa ukamafika, ndikatha kulambula kuno ndizidzawoloka ndi khasu kukalambula ukonso, malinga ndili ndi mphamvu.

Mundiperekere moni kwa atsibweni. Muwauze kuti anachita zimene analonjeza mbali imene anatha, ndipo yotsalayo tamaliza ife. Za chala chija mukambirane nokha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dominiko