Khadi la Elmer Tackett

Lolemba, 3 Epulo 1989

Ndalipeza! Khadi la Elmer Tackett, lokhalo lomwe latsala kuti makhadi anga a osewera mpira wa besibo a 1949 akwane. Lili kwa Stosh Wojcik, mnzanga wa ku pulayimale. Takumana kometetsa, nkhani n'kutulukira yokha. Walisunga m'bokosi la ndudu zaka zonsezi. Ndipo ndi langa lomwe lija. Anandidya pa masewera oponya makhadi pakhoma la shopu ya buledi tili ndi zaka khumi, ine n'kupita kunyumba ndikulira.

Supu wa nyemba sanalowe.

Lachitatu, 5 Epulo

Kwa Stosh nditaweruka ku fakitale. Ndinavala magolovesi oyera kuti ndiligwire. Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe Virgil, wabwera kudzachita opaleshoni?"

Khadi lili bwino zedi. Makona onse anayi akuthwa. Pakati palibe popindika. Kumbuyo kadontho ka chingamu, kakang'ono. Ndinalinunkhiza. Inde, ndinalinunkhiza.

Ndinatchula madola 300. Wakana. Ndinawonjezera ndalama yogulira matayala a galimoto. Wakanabe. Akuti sanaligule, ndiye saligulitsa. "Ndinakudya pakhoma, ukandidye pakhoma."

Lachinayi, 6 Epulo

Malamulo a Stosh ndi akale omwe aja. Aliyense aponye khadi lake kukhoma, lomwe lagwera pafupi kwambiri ladya linzake. Kamodzi basi. Iye aponya Tackett. Ine ndiponye Duke Hanlon wanga. Popanda pulasitiki!

Hanlon! Khadi lomwe ngakhale mpweya sindilola kuti ulikhudze. A Pruitt a kushopu ya makhadi amati ndi madola 900, chifukwa cha makona. Kona imodzi ikangophwanyika, theka la mtengo lapita. Ndikapambana, onse awiri ovulala. Ndikagonja, ndataya Hanlon, Tackett osamupezanso.

Ndawafunsa a Pruitt. Anagwira pamtima. "A Hupp, mukachita zimenezo musadzandiuze, mankhwala anga andithera."

Sindipita. Ndi misala.

Loweruka, 8 Epulo

Ndatsegula buku la makhadi patsamba lomaliza. Kathumba ka Tackett kopanda kanthu kaja. Ndakapukuta fumbi ngati masiku onse.

Mkazi wanga Darlene akusita, osadzutsa n'komwe mutu. "Bambo a Carol, kathumba kameneko mwakayang'ana kuposa mmene mwandiyang'anira ine chikwatiranire."

Ndamuimbira Stosh. Loweruka likubwerali, masana. Mulungu andithandize.

Lachiwiri, 11 Epulo

Ndagula timapaketi ta makhadi a chaka chino, totchipa, oyeserera m'chipinda chapansi. Zamanyazi. Lina pansi pa makina ochapira, lina m'chidebe cha penti. Dzanja laiwala. Likumangofuna kuyika khadi pansi mwaulemu.

Darlene anatsika ndi dengu la zovala, n'kuima kundionerera. Kenako analanda limodzi. Kungotembenuza dzanja pang'ono, khadi fyuu, mpaka kukatsamira khoma chiimire! Mkazi wanga yemweyu. Akuti anakulira pakati pa alongo ake anayi, ndipo onse ankawasiya matumba ali pululu. Sanandiuzepo chifukwa sindinafunsepo.

"Phewa lisiyeni ligone, bambo. Mukuponya khadi, osati njerwa."

Taponya mpaka nyama kupserera pamoto. Tadya masangweji, tatafuna chingamu cha m'mapaketi chouma ngati thabwa. Kuseka kotere sindikukumbukira.

Lachisanu, 14 Epulo

Bondo likupweteka. Darlene akundidyabe, koma osati nthawi zonse.

Ndamutulutsa Hanlon, ndamuyang'ana ndi galasi lokulitsa. Makona ngati singano. Ndamupepesa. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kupepesa kapepala.

Kunja mitambo. Ikagwa mvula pansi panyowa. Sindinaganize za mvula!

Loweruka, 15 Epulo

Dzuwa. Ndinalawira ndi tsache kukasesa pansi pa khoma. Shopu ya buledi ija pano amabwereketsamo mafilimu, koma khoma ndi lomwelo, njerwa zofiira. Stosh walalika anthu a kometetsa onse. A Pruitt nawo anabwera, eti amangodutsa.

Stosh pogwada mawondo ake analira kuti kho kho, anthu n'kufa nacho chiseko. Waponya. Tackett wamenya khoma, wagwa chafufumimba, mpata wa chala chimodzi.

"Ponya, mnyamata wa magolovesi, kapena tikuitanire amayi ako?"

Magolovesi ndinavula. Kumugwira Hanlon ndi zala zenizeni, koyamba chimugulire. Wosalala, wopepuka. Darlene kumbuyo kwanga: "Phewa, bambo."

Ndinamva kona ikumenya njerwa. Kaphokoso kakang'ono, koma ndinakamva m'mano. A Pruitt anabuula. Khadi linatsetsereka, n'kuima chotsamira khoma. Chiimire!

Ndinakuwa. Akuti ndinavinanso. Stosh anandikumbatira mpaka magalasi kugwa. "Wakula tsopano, kamwana kolira iwe." Maso ake anali onyowa, akuti ndi fumbi la tsache langa.

Lamulungu, 16 Epulo

Ndapima zonse ndi galasi. Hanlon kona ya kumanja yaphwanyika. Tackett wakalika pachipewa, kona imodzi yapindika. A Pruitt anayamba kundiuza mtengo watsopano, ndinawapempha ausunge.

Tackett walowa m'kathumba kake. Buku ladzaza. Ndalitsegula ndi kulitseka tsiku lonse. Chala chikumangopita pa kona yophwanyika ya Hanlon. Pa makhadi onsewa, kona iyi ndi ya Tackett ija ndi okhawo omwe ndikudziwa tsiku lomwe anavulala.

Loweruka, 22 Epulo

Sabata yonse bata. Palibe chosakasaka. Buku lili pashelefu, lokwana, ngati la munthu wina.

Stosh waimba m'mawa. Akufuna kubwezera. Wapezanso makhadi ena kuchipinda cha kudenga, ndipo akuti Darlene asaponye, ameneyo ndi katswiri, n'kubera. Darlene wayankha yekha kuti akubwera, akonzeke.

Ndinati ndingotenga otchipa aja. Koma ndatsegula tsamba lomaliza. Tackett ali m'thumba la malaya tsopano, popanda pulasitiki. Kathumba kaja kali pululu ngati kale. Ndikagonja nditani? Matayala sindinagulebe. Darlene akuliza hutala panja, tsache ndaliika kuti?